Cuma Cikasefukira, Adzakulira Ndani?



Pa dziko lapansi pali anthu oposa 2,500 amene cuma ca aliyense cimapitirira madola biliyoni imodzi, ndiye kuti mamiliyoni cikwi. Munthu amene angawononge madola 1,000 tsiku lililonse angafunike zaka zoposa 2,700 kuti atsirize ndalama zimenezi. Akadayamba usiku umene Ambuye adabadwa ku Betelehemu, lero akadakhala asanafike pansi pa thumba. Acinyamata athu okonzekera Ulimbitso amaona anthu otere pa mafoni, ndi ndege zawo ndi nyumba zawo, ndipo ambiri amakhulupirira kuti munthu wodala ndi ameneyo. Ine ndikuti cuma cikapitirira muyezo cimawononga zinthu zitatu zimene munthu ankacifunira: ulemu, cibale ndi cimwemwe.

Ulemu umene cuma cimabweretsa ndi wobwereka, ndipo mwini wake amabwera kudzautenga. Ife a ku Moçambique taona zimenezi ndi maso athu. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adatenga ngongole za madola pafupifupi mabiliyoni awiri m'dzina la dziko, zambiri mwa izo mobisa. Zitaululika mu 2016, maiko othandiza adaimitsa cithandizo, metikali idagwa, ndipo mtengo wa sopo, mafuta ndi feteleza udakwera mpaka kuno ku Chifunde, kwa anthu amene sadaonepo ngakhale limodzi la mabwato a nsomba aja. Amene adadya ndalamazo ankayenda ndi magalimoto a mtengo wapatali, anthu akuwapatukira m'njira. Mu 2022 khoti, litakhala m'hema pa ndende ya ku Machava, lidalamula Ndambi Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko, kukhala m'ndende zaka 12. Manuel Chang, amene adali nduna ya zacuma, adapezeka wolakwa ku New York mu 2024. Amene ankawaombera m'manja adamwazika ngati nkhanga. Makolo adanena kale kuti cuma ndi mcira wa khoswe, sucedwa kupululuka.

Ngakhale cuma copezeka m'njira za malonda cili ndi khalidwe lomwelo. Kampani ya Rio Tinto idagula migodi ya malasha ya ku Moatize mu 2011 ndi madola oposa mabiliyoni atatu, ndipo mu 2014 idaigulitsa madola mamiliyoni 50 okha. Mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, adali atasiya kale mpando wake mu 2013. Anthu ankagwadira mpandowo, ndipo udangosintha wokhalapo.

Bala lalikulu lili pa cibale. Kwathu kuno munthu amayesedwa pa maliro ake: ndani adagona pa siwa, ndani adakumba manda, ndani adalira osayang'ana katundu. Tiyeni tiyese ndi muyezo umenewu banja lina la ku Angola. José Eduardo dos Santos adalamulira dzikolo zaka 38. Mu 2013 magazini ya Forbes idalemba kuti mwana wake Isabel ndiye mkazi woyamba mu Afrika kufika pa biliyoni. Mu 2019 khoti la ku Luanda lidatseka cuma cake, ndipo iye amakhala kunja kwa dziko lake. Bambo wake atamwalira ku Barcelona mu 2022, mtembo udakhala masabata angapo osaikidwa, pamene mkazi wamasiye ndi ena mwa ana ankaulimbirana m'makhoti a ku Spain. Pomaliza adaikidwa ku Luanda tsiku limene akadakwanitsa zaka 80, koma Isabel sadaime pa manda a bambo wake. Mayi wosauka wa ku N'sadzu amayenda wapansi tsiku lonse kukaika kholo lake, popanda womuletsa. Mwa awiriwa, ndani ali ndi ufulu?

Ku Ulaya kudacitika zina zowawa koposa. Mu 1973 acifwamba adaba mdzukulu wa J. Paul Getty mu mzinda wa Roma, mnyamata wa zaka 16. Getty, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri a nthawiyo, adakana kupereka dipo kwa miyezi, mpaka acifwambawo adadula khutu la mwanayo nalitumiza ku nyuzipepala. Pamenepo adapereka gawo, ndipo lotsalalo adabwereketsa mwana wake, bambo wa mnyamatayo, kuti adzabweze ndi ciwongoladzanja. Munthu ameneyu sadabadwe wopanda mtima. Adazolowera kuona dzanja lililonse lotambasulidwa kwa iye ngati dzanja la wakuba, kufikira sadathenso kuzindikira magazi ake. Wolemera kopitirira sadziwa ngati wom'patsa moni akupereka moniyo kwa iye kapena kwa thumba lake, ndipo kukayika kumeneku kumalowa mpaka m'cipinda cogona.

Za cimwemwe, Malembo Oyera adatiunikira kale. Buku la Mlaliki, mutu 5, limaphunzitsa kuti wokonda ndalama sakhuta nazo, ndi kuti wanchito amagona tulo tabwino pamene kukhuta kwa wolemera kumam'soweka tulo. Mu Marko 10, munthu wacuma adathamangira Yesu, nagwada, ndipo Yesu adam'konda. Komabe adabwerera kwawo ali wacisoni, cifukwa katundu wake adali wambiri. Cisoni cake sicidadikire tsiku la ciweruzo, cidayamba pa msewu pomwepo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 1723, amatikumbutsa kuti cimwemwe ceniceni sicipezeka m'cuma, m'kutchuka kapena m'mphamvu, koma mwa Mulungu yekha.

Khomo lotulukira lilipo. Chuck Feeney wa ku Amerika adalemera ndi masitolo a m'mabwalo a ndege, kenaka adagawa madola oposa mabiliyoni asanu ndi atatu ku masukulu, zipatala ndi nchito zina, kwa zaka zambiri osachula dzina lake. Adamwalira mu 2023 akukhala m'nyumba ya lendi ku San Francisco. Iye adacita zimene Zakeyo adacita mu Luka 19, ndipo adatsimikiza mwambi wathu wakuti kupatsa nkuika.

Wina anganene kuti awa ndi mau a wosauka wodzitonthoza. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake liyenera kumveka bwino: Mpingo sutamanda umphawi. Mwana wofa ndi malungo cifukwa cosowa ndalama ya ulendo wa kucipatala sapereka ulemerero kwa Mulungu. Ndalama zimagula mankhwala, malata ndi maphunziro, ndipo kholo lolimbikira kuzipeza likucita nchito yoyera. Katekisimu, pa nambala 2402 mpaka 2405, amavomereza kuti munthu akhale ndi zake, koma amaonjeza kuti zolengedwa zonse Mulungu adazipereka kwa mtundu wonse wa anthu, ndipo mwini cuma ndi kapitawo cabe. Funso ndi lakuti cumaco cacokera kuti ndipo cikupita kuti. Mabanja mazana ambiri adasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme kuti malasha akumbidwe, ndipo mu 2012 adatseka njanji podandaula za nyumba zong'ambika ndi minda yosabereka. Papa Francisco, pa Misa ya ku Zimpeto mu 2019, adadandaula kuti dziko lodzala ndi cuma ca m'nthaka lili ndi anthu ambiri osauka, nacenjeza za ziphuphu. Lazaro wa mu Luka 16 akadali pa cipata.

Pakati pathu palibe wa biliyoni, koma matendawa amayamba ndi kacilonda kakang'ono. Amayamba pamene fodya wagulidwa bwino kapena golide wapezeka m'dzenje, ndipo bambo atenga mkazi waciwiri, asiya kudya ndi abale ake, ayamba kuopa mwana wa mlongo wake. Ife otsala timacimwanso pawiri. Wolemera akafika pa mapemphero timam'funira mpando wa kutsogolo, zimene Yakobo Woyera adadzudzula m'mutu 2 wa kalata yake. Akatembenuka timanong'onezana kuti adakhwima, kuti cimanga cake ndi ca ufiti. Pomugwadira ndi pomunena timam'kankhira kunja kwa mudzi, kumene amatsala yekha ndi thumba lake. Lamulo lacikhumi, loletsa kusirira, lidalembedwera wosauka ndi wolemera yemwe.

Conco m'miphakati yathu tim'landire wolemera monga mbale: akhale pa mphasa imodzi ndi ife, agwire khasu kumanda, auzidwe zoona akalakwa. Amene Mulungu wam'dalitsa caka cino adzifunse, asanamange nkhokwe ina, kuti ndi mwana wamasiye uti amene angabwerere kusukulu ndi gawo la phindu lake. Ndipo acinyamata athu, pamene akuwerenga ndege ndi nyumba za anthu a pa foni, tiwaphunzitse kuwerenganso amene adzagona pa siwa tsiku la maliro a anthuwo.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.