Belo si chiphuphu

Munthu woganiziridwa mlandu akangotuluka pa belo, kaya ndi ku Bolero, ku Mhuju kapena pa boma la Rumphi, nkhani imakhala yoti "apolisi adya" kapena "majisitireti walandira kenakake". Chomvetsa manyazi n'chakuti ife a ku yunivesite ndi amene timatsogolera nyimbo imeneyi pa Facebook.

Anzanga, tawerengani Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ayeneranso kumasulidwa podikira mlandu, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti akhalebe m'chitokosi.

Kale woganiziridwa mlandu wakupha ankayenera kusonyeza yekha zifukwa zapadera zomupatsira belo. Mu 2005, pa mlandu wa Fadweck Mvahe, khoti la Supreme linatembenuza zimenezi: boma ndi limene liyenera kufotokoza chifukwa chomusungira munthu. Oweruza analondola. Amene akufuna kulanda mnzake ufulu ndiye abweretse zifukwa.

Mudzati, nanga akathawa? Nanga akakaopseza mboni? Zimenezo ndi zifukwa zomveka zokanira belo, ndipo woimira boma akazisonyeza khoti limakana. Mudzatinso ziphuphu zilipo. Zilipodi, ndiye kanenani wolandirayo ku ACB. Musalange woganiziridwa aliyense chifukwa cha wapolisi mmodzi wadyera.

Taganizirani amene amavutika belo ikavuta. Wandale amabwera ndi maloya atatu, madzulo ali kunyumba. Wotsalira ndi mlimi wa fodya wa ku Hewe amene mlandu wake wakupha ukudikira High Court. Mvula igwa, nazale iuma, ana asiya sukulu, iye ali pa rimandi. Khoti likadzamupeza wosalakwa, adzamubwezera ndani miyezi imeneyo? Ndiponso ndende yake ndi yotani? Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthinana kwa m'ndende zathu, kophatikizana ndi kusowa mpweya wabwino, n'kuzunza anthu kosemphana ndi malamulo.

Belo sithetsa mlandu. Munthu amabwererabe kukhoti kukayankha. Ife ophunzira tikalephera kufotokozera abale athu kumudzi mfundo yapafupi imeneyi, mkwiyo wawo umathera pa miyala ndi petulo. Kumangidwa sikufuna kuti ulakwe, kumangofuna wina akuloze chala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.