Akhoza mayeso a bizinesi, koma sanagulitsepo ndi tomato yemwe

Nyengo yogawa madigiri ikafika pali nyimbo imodzi yomwe siphonya. Bwana wina wamkulu amaimirira atavala mkanjo ndi chipewa chaulemu, n'kuuza achinyamata mazanamazana kuti asapite kukasaka ntchito, apite kukalemba anzawo ntchito. Chaka chino yaimbidwanso, ndipo makolo awomba m'manja monga mwa nthawi zonse. Oimba nyimboyi kawirikawiri ndi anthu omwe akhala pa malipiro a boma chitulukireni pa sukulu. Galimoto yowabweretsa ku mwambowo ndi ya ofesi, mafuta ndi a ofesi, dalaivala ndi wa ofesi.

Zikanathera pa zolankhula, bwenzi wolemba danga lino atangoseka n'kupitirira. Chomupsetsa mtima ndi mankhwala omwe masukulu a ukachenjede apeza pa vuto la ulova: phunziro la zamalonda la semesita imodzi, lokhala ndi manotsi, ndi mayeso a maola atatu pamapeto pake. Wophunzira amaloweza tanthauzo la munthu woyambitsa bizinesi, amaloweza makhalidwe ake, amatchula Joseph Schumpeter, kenako amalemba pulani ya bizinesi yamasamba ambirimbiri yodzaza ndi manambala ochokera m'mutu mwake. Pa pepalapo nkhuku sizifa chitopa, magetsi sazima, wogula aliyense amalipira tsiku lomwelo, ndipo phindu limakwera chaka ndi chaka. Mphunzitsi amachonga, mwana amakhoza bwino kwambiri, sukulu n'kulengeza kuti yatulutsa amalonda.

Palibe wamalonda amene watuluka pamenepo. Bizinesi imaphunziridwa pogulitsa chinthu kwa munthu amene ali ndi ufulu wokana kugula, ndi ndalama zomwe zikatayika mwini wake amamva kuwawa.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangopita chaka ndi theka chigwereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Tiyerekeze mayi wina wa mu msika wa Limbe anaoda katundu wa madola 1,000 kwacha isanagwe. Anawononga K1,180,000. Wagulitsa yense, wapeza K1,400,000. Malinga ndi masamu a m'kalasi, mayiyu wapindula K220,000 ndipo akuyenera kuyamikiridwa. Koma kuti akaodenso katundu yemweyo akufunika K1,700,000, kutanthauza kuti mpamba wake waperewera ndi K300,000, osawerengera thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata. Ndiye chifukwa chake amalonda anakweza mitengo ya katundu wakale m'mawa mwake momwe, anthu akuwatukwana kuti ndi mbava. Iwo amadziwa kuti mtengo umatsata ndalama zokaodera mawa. Mayi amene analekeza Sitandade 6 amazidziwa izi chifukwa zinamuluma m'thumba. Mnyamata wa digiri uja, amene anakhoza funso la kuwerengera phindu, angagulitse katundu yense pa mtengo wakale akumwetulira, n'kutseka shopu mwezi wotsatira osadziwa chamugwetsa.

Ndipo zomwe manotsi satchula n'zambiri. Dzina la bizinesi liyenera kulembetsedwa, nambala ya msonkho iyenera kutengedwa, khonsolo ikufuna chiphaso chake. Wopanga chiponde kapena juwisi wa malambe sangalowe m'sitolo zikuluzikulu popanda chidindo cha oona za miyezo ya katundu, ndipo akalowa, sitolo zambiri zimatenga katundu lero n'kudzalipira patapita masabata. Achibale amatenga sopo pa ngongole yomwe aliyense akudziwa kuti sidzabwezedwa. Ndalama za bizinesi ndi za chakudya cha pakhomo zimagona m'foni imodzi, pa Airtel Money kapena Mpamba, mpaka mwini wake sadziwanso kuti mpamba unathera pati. Wothandiza pa shopu amagulitsa katundu wake wake pambali pa wa bwana. Zonsezi zili ndi njira zothana nazo, koma njirazo munthu amazigwira zikamuchitikira, pali wina womuwongolera pafupi.

Apa ndi pomwe akuluakulu a mikanjo amadzuka ndi yankho lawo lomwe amalikonda: yunivesite si msika. Akuti ntchito yake ndi kunola maganizo, ndipo zogulitsa mandazi n'zochotsa ulemu wa sukulu. Chabwino. Nanga bwanji wophunzira udokotala amatha zaka akuzungulira m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth asanapatsidwe digiri? Bwanji wophunzira uphunzitsi amatumizidwa kukaima kutsogolo kwa ana a sekondale, wina atakhala kumbuyo akulemba zolakwa zake? Palibe amene ananenapo kuti yunivesite si chipatala, choncho madokotala aziphunzira jakisoni pa bolodi. Wa uinjiniya amapita ku fakitale, wa zaulimi amalowa m'khola. Bizinesi yokha ndiyo yomwe akuluakuluwa aganiza kuti ingaphunziridwe manja ali m'thumba, ngati kuphunzitsa mwana kuphika nsima pomujambulira mthiko pa pepala.

Ulemu womwe akuutetezawo ndi wodabwitsanso. Ophunzira akuchita kale geni m'mahositelo, sukulu isanawalole kapena kuwathandiza. Wina amaluka tsitsi, wina amagulitsa kaunjika wa ku Tsoka kudzera pa WhatsApp, wina ali ndi pulinta pansi pa bedi yosindikizira anzake ma asayimenti, wina amakazinga mazira usiku wa mayeso. Amenewa ndiwo akuphunzira bizinesi pa sukulupo, ndipo sapatsidwa malikisi ngakhale amodzi. Mtsikana amene walipira fizi ya chaka chonse ndi ndalama zoluka tsitsi atha kulephera phunziro la zamalonda chifukwa anaiwala makhalidwe awiri mwa khumi a munthu woyambitsa bizinesi. Amene wamulepheretsayo sanayambe wayikapo K10,000 yake pa chiswe.

Yankho lachiwiri ndi lija la kusintha kaganizidwe. Chikhazikitsireni masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, mawu amenewa asanduka mankhwala a nthenda iliyonse. Achinyamata alibe ntchito? Asinthe kaganizidwe. Alibe mpamba? Kaganizidwe. Kuti kaganizidwe ka wophunzira kasinthe, akuluakulu amanyamuka ulendo wa ku Mangochi kapena ku Salima, kukakhala masiku angapo m'mphepete mwa nyanja akukonza silabasi, n'kubwerako ndi ma alawansi ndi mutu watsopano wa mayeso. Kaganizidwe ka mnyamata wa kabaza, amene amadzuka m'bandakucha kuti apeze ya mwini njinga asanapeze yake, sikanafunepo msonkhano wa kunyanja.

Lachitatu ndi lomwe limaseketsa kwambiri: akuti ophunzira akapatsidwa ndalama zoyambira bizinesi adzadya. Ena adzadyadi. Koma dziko lomwe linaona mabiliyoni akutuluka pa Capital Hill mu 2013, kudzera m'manja mwa anthu ovala mataye, ena a iwo odziwa bwino za maakaunti, lisamanjenjemere chifukwa cha kampamba kopatsa ana asanu a chaka chachiwiri. Thumba lililonse la ngongole za achinyamata lomwe boma lakhazikitsapo lakhala likumveka ndi madandaulo a ngongole zosabwezedwa ndi za anthu a chipani, ndipo palibe amene anati thumbalo litsekedwe kaamba ka ulemu.

Zomwe zikupemphedwa pano, zoti ophunzira ayendetse bizinesi yeniyeni ali pa sukulu, zikuchitika kale kwina. Ku Costa Rica, yunivesite ya zaulimi ya EARTH, yomwe imalandiranso ophunzira ochokera ku Africa, imayika ophunzira m'magulu n'kuwabwereketsa ndalama kuti ayambitse bizinesi yeniyeni, ayiyendetse, abweze ngongoleyo. Ku Jyväskylä m'dziko la Finland, kuyambira 1993, ophunzira a Tiimiakatemia amapanga kampani yawo m'chaka choyamba ndipo amaphunzira pogwira ntchito za makasitomala olipira mpaka kumaliza digiri. Wina anena kuti amenewo ndi olemera. Mpamba wa gulu limodzi la ophunzira oweta zinziri kapena ogulitsa zitumbuwa suposa ndalama za mafuta a ulendo umodzi wa ku Mangochi uja.

Ndipo ngati pali dziko lomwe wophunzira ayenera kugwira mpamba asanatuluke pa geti, ndi lino. Mu 2024 banki yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Amafuna chikole. Womaliza digiri chikole chake n'chiyani, laputopu yakale ndi ngongole ya fizi yomwe akuyenera kubweza? Otsala ndi banki m'khonde ya amayi ake, ndi akatapila. Kumuuza munthu wotere kuti akalembe anzake ntchito, popanda kumulola kuyeserako kamodzi pamalo pomwe kugwa sikupha, ndi chipongwe chomwe chimaposa lonjezo lija la andale la mu 2020 la ntchito 1 miliyoni.

Msika uli kale pa sukulu pomwepo. Ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Ndata ndi ku Blantyre kuli anthu zikwizikwi omwe amadya katatu pa tsiku, amachapa, amameta, amasindikiza mapepala. Malo ambiri odyera ndi mashopu a pa masukuluwa amabwereketsedwa kwa anthu akunja kwa sukulu, ophunzira zamalonda akudutsa pakhomo ndi manotsi awo m'manja. Ena mwa malowa aperekedwe kwa magulu a ophunzira, chaka chimodzi chimodzi, ndi mpamba wobweza. Malikisi achokere m'buku la ndalama: zomwe zinalowa, zomwe zinatuluka, ngongole zomwe zinatoleredwa, ndi kufotokoza mwachilungamo chomwe chinagwetsa bizinesi ngati inagwa. Gulu lomwe laluza koma likudziwa bwino pomwe linaluzira likhoze kuposa lomwe lapindula mwangozi.

Chifukwa chenicheni chomwe izi sizichitikira n'chosavuta kuchiona. Kuchonga mapepala 400 a mafunso ofanana kumatha m'masabata awiri, pomwe kulondola mabizinesi 80 kwa chaka chathunthu kumafuna kutuluka mu ofesi, ndiponso kumafuna munthu wodziwa zomwe akuyang'ana. Anthu otere alipo. Ali ku Mchesi akupala matabwa, ali ku Ndirande akusula mbaula ndi zidebe, ali ku Lizulu akupikulitsa mbatata ndi kabichi kwa oyendetsa malole. Mmodzi mwa iwo akhale pa tebulo la ochonga, afunse gulu lililonse kuti linaoda pa zingati ndipo linagulitsa pa zingati, ndipo alipidwe ndalama zofanana ndi zomwe amalandira pulofesa wobwera pa ndege kudzaunika mayeso.