Bwana, tingoifomata

"Imeneyi ndi vayirasi, bwana. Tingoifomata."

Aliyense amene ananyamulapo laputopu kupita nayo kwa anyamata okonza m'tauni mawu amenewa anawamvapo. Amanenedwa kompyuta ikadali m'chikwama, isanayatsidwe n'komwe. Inu mufotokoze mwakachetechete kuti imagwira ntchito bwinobwino, kenako mwadzidzidzi sikirini yonse imasanduka ya buluu, pamatuluka kankhope kokhumudwa ndi zolemba zina, n'kuzima yokha. Mnyamata amangogwedeza mutu ngati nkhaniyo anaimva kale dzulo. Zolembazo zimati chiyani? Safunsa. Nanunso, tisanamizane, simunaziwerenge.

Chimene chimandipsetsa mtima si ndalama imene amatchula ayi. Ndi chakuti vutolo limabwerera. Mlamu wanga ali ndi kashopu kotayipa ndi kusindikiza makalata, ndipo kompyuta yake inayamba khalidwe limeneli. Atapita nayo kwa okonza anaifomata, makalata a makasitomala ofunsira ntchito ndi ziitano za maukwati zonse n'kupita. Itabwera inali yoyera, yothamanga, iye n'kumayamika. Sipanatenge nthawi, buluu uja anatulukiranso, pa nthawi yomweyomweyo imene ankatulukira kale: akangobaya kachipangizo ka Wi-Fi kaja pa USB n'kuyamba kutsitsa fayilo yaikulu. Nanga akanaleka bwanji? Mnyamata uja atamaliza kufomata anavula fulashi imene imalendewera m'khosi mwake, ija amati muli "ma driver a makompyuta onse," n'kubwezeramo driver yemweyo amene ankagwetsa kompyutayo poyamba.

Kwa amene sanamvepo, driver ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamachititsa kuti Windows imvane ndi chipangizo china chilichonse cha m'kompyuta: khadi la zithunzi, la mawu, la intaneti, ngakhale kamera. Ambiri mwa ma driver amenewa salembedwa ndi Microsoft, amalembedwa ndi makampani opanga zipangizozo. Chonsecho ambiri amaloledwa kulowa m'kati mwenimweni mwa Windows, malo amene akatswiri amawatchula kuti kernel, komwe mapulogalamu wamba safika. Word ikasokonezeka, imafa yokha, inu n'kuitsegulanso. Koma driver akalemba pa malo olakwika mu memory, Windows sidziwa kuti waononga zingati, ndiye imasankha kuimitsa zonse nthawi yomweyo isanasunge zinyalala pamwamba pa mafayilo anu. Buluu amene timamutukwanayu ndi kompyuta imene yaima dala kuti ipulumutse zimene zatsala.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo sindinaonepo pamene umakhala bwino kuposa pano. Kadya nkhuyu ndi kafayilo kamene nthawi zambiri sikakwana n'komwe kukula kwa nyimbo imodzi ya m'foni, koma wopotedwa ndi kompyuta yonse, wotukwanidwa ndi Windows, wolipira ndi inu. A Microsoft eniake, m'malangizo awo a akatswiri, amati pa kugwa kotereku 70 peresenti kumachokera kwa ma driver a makampani ena, 10 peresenti ku zipangizo zoonongeka, 5 peresenti yokha ku mapulogalamu awo, ndipo kotsalako sikudziwika chifukwa memory imakhala itasokonekera kwambiri. Mukhoza kunena kuti mwini nkhani sangadzineneze, ndipo sindikutsutsani. Koma onani kuti m'ndandanda umenewu vayirasi amene timamunamizira tsiku ndi tsiku alibemo n'mpando womwe.

Ndipo nkhaniyi si ya lero. Mu April 1998, pa chionetsero cha COMDEX ku Chicago, Bill Gates anaima pamaso pa khamu kuonetsa Windows 98 isanatuluke. Wantchito wake anabaya sikana kuti aonetse mmene kompyuta imadzipezera yokha driver woyenera, pompo sikirini buu! Anthu anaseka mpaka kuwomba m'manja. Windows Vista itatuluka, dziko lonse linkaitukwana kuti ndi yosakhazikika. Koma zikalata zimene zinatuluka pa mlandu wina ku America zinaonetsa kuti mu 2007 pafupifupi 29 peresenti ya kugwa kumene Microsoft inalemba kunachokera kwa ma driver a Nvidia, pomwe kwa Microsoft yeniyeniyo kunali pafupifupi 18 peresenti. Mbiri yoipa inatsalira Vista mpaka lero.

Yaikulu inachitika pa 19 July 2024. Kampani ya CrowdStrike ya ku Texas, imene ntchito yake ndi kuteteza makompyuta kwa akuba, inatumiza kafayilo kolakwika kwa makasitomala ake. Driver wake, amene amakhala mu kernel muja, atakawerenga anapunthwa, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni n'kugwa tsiku limodzi. Mabanki, zipatala, mawayilesi a kanema, mabwalo a ndege, konse kunali buluu. Kampani ya Delta yokha inaimitsa maulendo a ndege pafupifupi 7,000 m'masiku ochepa. Anthu ambiri m'misewu ankangoti "Microsoft yagwa," nkhuyu atadya ndi wina. Nanga njira imene inalengezedwa yokonzera inali yotani? Kuyatsa kompyuta mu Safe Mode, kulowa m'foda ya CrowdStrike, kufufuta fayilo imodzi imene dzina lake limayamba ndi C-00000291, basi. Tangoganizani akanakhala kuti anaitana mnyamata wa fulashi ya m'khosi uja. Bwenzi tikufomatabe mpaka pano.

Apa ndiye pamene ndimafuna tifike, chifukwa matendawa si a makompyuta okha. Ife timakonda kuyambanso kuposa kufufuza. Ndalama za mjigo zikasowa m'mudzi, anthu amasonkhana pansi pa mtengo, amakalipa mpaka dzuwa kupendeka, kenako chigamulo n'kukhala chakuti komiti yonse ithe, tisankhe ina. Buku la ndalama palibe amene walitsegula. Pa chisankho, wapampando watsopano, mlembi watsopano, koma msungichuma yemwe uja wabwereranso chifukwa "ndi amene amadziwa kusunga." Pakatha miyezi ingapo mjigo wafanso, thumba mulibe kanthu, ife n'kumadabwa. Ndakhala ndikudandaula za zimenezi mpaka ena atopa nane, koma sindisiya. Kuthetsa komiti kumaoneka ngati ntchito yaikulu, pomwe ndi njira yothawira funso limodzi losavuta: analakwa ndani, ndipo analakwa pati?

Choseketsa n'chakuti kompyuta imayesetsa kuyankha funso limeneli yokha. Pa sikirini ya buluu ija pamalembedwa dzina la vuto, monga DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL kapena VIDEO_TDR_FAILURE, ndipo nthawi zambiri pansi pake pamatchulidwa fayilo imene yalephera, yothera ndi .sys. Mukaona nvlddmkm.sys, ameneyo ndi driver wa khadi la zithunzi la Nvidia. Ikuzima msanga musanawerenge? Foni muli nayo m'manja, ija mumajambulira nsima ya pa ukwati, jambulani sikiriniyo. Komanso nthawi zambiri ikagwa, Windows imasiya kalata yofotokoza zimene zinkachitika, m'foda yotchedwa Minidump imene ili m'kati mwa foda ya Windows. Pulogalamu ya WinDbg, imene Microsoft imapereka kwaulere, imatsegula kalatayo n'kuloza amene akuganiziridwa. Tsono mukafomata, foda imeneyi imapita limodzi ndi zonse. Mwalipira munthu kuti awotche umboni.

Zotsalazo n'zoti ngakhale inu mukhoza kuchita pakhomo. Dzifunseni kuti chasintha n'chiyani vutoli lisanayambe: mwagula kachipangizo katsopano, mwaika pulogalamu yoteteza ku mavayirasi, kapena Windows inadzikonza yokha usiku? Zulani chimene mwabaya posachedwapa muone ngati ikugwabe. Dinikizani Shift uku mukusankha Restart, mutsate njira yolowera mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi ma driver ochepa okha ofunikira. Ikakhazikika mmenemo, dziwani kuti wolakwa ali pakati pa amene atsala panja. Mu Device Manager, pa chipangizo chimene mukuchikayikira, pali batani lolembedwa Roll Back Driver limene limabwezeretsa driver wakale ngati watsopanoyo ndiye wabweretsa chisokonezo. Ngati vuto ndi ukalamba wa driver, katengeni watsopano pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, polemba nambala yeniyeni ya mtundu wake imene ili kunsi kwake. Laputopu zathu zambiri ndi za kaunjika, zinapangidwa nthawi ya Windows 7 ife n'kuziveka Windows 10 kapena 11, choncho nkhani ya driver wogwirizana ndi makinawo si yamasewera. Ndipo chonde, mapulogalamu aja amatulukira pa intaneti n'kumakuuzani kuti ma driver anu ambirimbiri ndi akale, dinani apa tikukonzereni, athaweni. Driver amene sakuvuta musamugwire.

Sindikunena kuti nthawi zonse ndi driver. Ngati lero ikutchula fayilo iyi, mawa ina, mkuja inanso, kayikirani RAM, memory ya kompyuta ija, ndipo Windows ili ndi pulogalamu yake yoyezera, Windows Memory Diagnostic. Ngati imagwa ikatentha, fani ikulira ngati ikufuna kuuluka, mwina ndi fumbi la mu October limene latseka potulukira mpweya. Koma onani kuti ngakhale pamenepa kufomata sikuthandiza kanthu. RAM yoonongeka sichira chifukwa mwafufuta zithunzi za ana anu.

Anyamata okonzawa ndisawapachike okha, chifukwa amatipatsa zimene timagula. Kufomata kuli ndi mtengo wodziwika, kumatha tsiku lomwelo, ndipo kasitomala amaona ndi maso kuti pachitika ntchito: sikirini yasintha, zonse zaoneka zatsopano. Kuwerenga Minidump kumafuna kukhala pansi, kumadya bandulo, ndipo pamapeto pake mnyamata amangodina batani limodzi n'kunena kuti yatheka. Mukudziwa zimene timayankha. "Iiih achimwene, kungodina pamenepo mpaka ndalama zonsezo?" Tikatero taphunzitsa mnyamata wanzeru kuti nzeru sizilipira, chimene chimalipira ndi kugwetsa nyumba yonse kuti bwana aone fumbi. Mawa akatifomatira tisadandaule.

Choncho ulendo wina kompyuta yanu ikachita buluu, pitani kwa okonza muli ndi chithunzi m'foni, mafayilo anu mutasungira kale pena. Mufunseni kuti fayilo imene yalephera ndi iti, ndipo ndi ya chipangizo chiti. Akayamba kuyang'ana kumbali, nyamulani katundu wanu mukayese khomo lotsatira. Koma mukapeza amene wakhala pansi, wawerenga, n'kukutchulirani dzina la mwana amene wadya nkhuyu, ameneyo musamunenerere mtengo. Mulipireni kuposa wofomata, mutenge nambala yake, ndipo mukauze anzanu a ku ofesi.