Chitupa cha Olemera Okha

M'chaka cha 2024 boma la South Africa lidakhazikitsa chitupa cholola alendo kukhala m'dzikomo uku akugwirira ntchito mabwana akunja pa intaneti, koma okhawo olandira marandi oposa 650,000 pachaka. Nanga mnyamata wa pa Chezi, amene ndalama zake zimachokera ku tomato wa m'mbali mwa msewu wa ku Salima, ku fodya ndi ku timaganyu ta pa kompyuta, kalata ya malipiro adzaitenga kwa yani? Kodi tomato amalemba kalata? Pamene migodi ya ku Joni inkafuna mikono, Wenela adanyamula makolo athu zikwizikwi osafunsa za banki, kufikira ndege idagwa ku Francistown mu 1974. Lero zidzukulu zawo akuyamba azipisa m'matumba zisanaloŵe!