Kaduwa ka Pamathanthwe Ndi Mboni ya Madzi Athu

Munthu amene wakwerako phiri la Zomba kapena la Mulanje m'nyengo ya dzinja angathe kukumbukira kaduwa kooneka ngati lalanje lakupsa, kolendewera pamathanthwe onyowa m'mbali mwa mitsinje. Akatswiri a zomera amakatcha Begonia sutherlandii. Dzinali analipereka ndi Joseph Hooker m'chaka cha 1868 polemekeza Peter Sutherland, mkulu woyeza malo ku Natal, ndipo chomerachi chimapezeka kuyambira ku South Africa kufikira ku Tanzania.

Kapangidwe kake nkofunika kukayang'anitsitsa. Tsamba lake ndi lopendekeka, mbali imodzi imakula kuposa inzake, monga zilili ndi begonia ambiri mwa mitundu yoposa 2,000 yodziwika padziko lapansi. Maluwa aamuna ndi aakazi amaphuka paokhapaokha pa chomera chimodzi. Chipatso chake chili ndi timapiko titatu, ndipo njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi. M'nthaka muli kambatata kamene kamasunga moyo m'chilimwe, masamba atauma, kufikira mvula itagwanso.

Koma masamba opyapyalawo sapirira dzuwa. Amafuna mthunzi ndi chinyontho. Anthu akadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje pofuna makala kapena matabwa, kapena moto wolusa ukadutsa, thanthwe limauma ndipo kaduwako kamazimirira. Tsono mitengo yomweyo ndiyo imagwira nthaka ndi kuteteza akasupe a mtsinje wa Mulunguzi, umene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Choncho kusowa kwa kaduwaka ndi chenjezo lakuti madzi nawonso ali pachiswe.

Ife aphunzitsi tili ndi mlandu pamenepa. Timaloweza ana ziwalo za duwa kuchokera pabolodi, pamene duwa lenileni likufota kuseri kwa sukulu. Tiyeni tiwatenge anawa akaone okha, ajambule tsambalo, awerenge timapikoto, koma asazule chomeracho. Amene ali pafupi ndi Zomba akacheze ku National Herbarium, kumene amasunga zomera zouma za dziko lino.

Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu ndi kubwerera kumudzi, musakhale chete nkhwangwa ikalowa m'mphepete mwa mtsinje. Kalankhuleni ndi amfumu mwaulemu, pakuti akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Maphunziro anu adzaoneka phindu lake ngati adzukulu anu adzapezabe kaduwaka pathanthwe, madzi akuyenda pansi pake.