Tinakhoza MSCE, koma maina athu sanatuluke

Ife amene tikulemba madandaulo ano ndife anyamata ndi atsikana amene tinaphunzira m'masukulu a sekondale oyendera, aja otchedwa ma CDSS. Tinalemba mayeso a MSCE ndipo tinakhoza, ena mwa ife ndi mapointi amene aphunzitsi aakulu anawalengeza monyadira pamaso pa makolo. Tinalipira ndalama ya fomu, tinasankha maphunziro amene timafuna, n'kuyamba kudikira. Maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma atatuluka, athu munalibe. Kumudzi ena ayamba kunong'onezana kuti tinanama za mapointi aja. N'chifukwa chake tikufuna akuluakulu a zamaphunziro atimve.

Zoti malo ndi ochepa sitikutsutsa. Mayunivesite a boma alipo 6 okha: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu, ndi MUST ku Thyolo. Amene amakwanitsa zoyenereza, zomwe ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, amachuluka kwambiri kuposa malowo. Wina ayenera kutsala basi. Chimene chikutiwawa n'chakuti otsalawo amadziwika kale mayeso asanalembedwe.

Zaka zinayi zonse tinkangomva za mapointi. Giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa, 9 n'kulephera. Amaphatikiza magiredi a maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa, ndipo mapointi akachepa ndiye kuti wamenya. Tinalimbikira pamenepo. Koma posankha, mapointi okha sakwanira. Amayang'ana magiredi a maphunziro amene akugwirizana ndi chimene wapempha. Ofuna udokotala amayesedwa pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Ofuna uinjiniya, Masamu ndi Physics. Munthu angakhale ndi mapointi osiririka ochokera ku Chichewa, Zaulimi, Bible Knowledge ndi Social Studies, koma pa mpikisano umenewo sawerengedwa n'komwe. Ambirife izi tinazimva titanyamula kale satifiketi m'manja.

Pokwera Fomu 3 ndi pamene wophunzira amasankha maphunziro oti adzalembe. Kusukulu kwathu kusankhako kunali kwa dzina lokha. Ngati palibe mphunzitsi wa Physics, ndiye kuti Physics palibe, nkhani yatha. Kwina mphunzitsi mmodzi ankasenza Masamu, Chemistry ndi Biology kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, chonsecho iye anaphunzira za uphunzitsi wa ku pulayimale. Sitikumunyoza ayi, munthuyo ankayesetsa, nthawi zina mpaka Loweruka osalandirapo kanthu. Koma labotale tinalibe. Za asidi tinkaziloweza pa bolodi, mtundu umene madzi amasanduka tinkachita kuuzidwa. Ena mwa ife maikulosikopu tinaigwira koyamba masiku a mayeso a pulakitiko atayandikira, pa sukulu ina imene tinachita kupitako wapansi. Mnzathu wa ku sukulu yogonera komweko anakhala akuigwira kuyambira Fomu 1, madzulo akuwerenga pa magetsi, nsima ataphikiridwa. Iye akapeza giredi 2 ife n'kupeza 5, kodi manambala amenewo akuyeza mitu yathu kapena akuyeza masukulu athu?

Kunena zoona, anatisefa kale tili ku Sitandade 8. Mayeso a PSLCE ndiwo amagawa ana: ochepa kupita ku masekondale akuluakulu a boma, ena ku masekondale ogonera a m'maboma, unyinji ku CDSS. Mwana wa zaka 13 kapena 14, amene ankaphunzirira pansi pa mtengo m'kalasi la ana osawerengeka, akaphonya pamenepo ndiye kuti chitseko cha udokotala chayamba kale kutsekeka iye osadziwa. Chisankho cha ku yunivesite chimangobwera kudzadinda chidindo pa zimene zinagamulidwa zaka zinayi m'mbuyomo.

Tikudziwa kuti tikangotchula nkhaniyi ena athamangira kunena kuti tikufuna kota, njira ija yosankha ophunzira potengera boma lakwawo, ibwerere. Ayi. Mbiri yake tikuidziwa. Inayamba m'nthawi ya Kamuzu Banda, khoti linaikana mu 1993, inabwereranso mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo boma linalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Inapweteka ana ambiri anzeru, makamaka a chigawo cha kumpoto, ndipo inadanitsa anthu. Vuto lake linali funso limene inkafunsa: kwanu n'kuti? Mwana wa bwana wokulira ku Area 47 kapena ku Namiwawa, wophunzira pa sukulu yolipira ndalama zambiri, ankatha kulowera pa dzina la boma la agogo ake kumene amangopitako pa maliro. Mwana weniweni wa m'mudzimo n'kutsala. Funso loyenera linali lina: unaphunzira pa sukulu yotani? Kota inapita, koma funso limeneli silinapatsidwebe kulemera kwake.

Inde, alipo a ku CDSS amene amasankhidwa chaka chilichonse, ndipo timawanyadira. Koma awerengeni m'makalasi a udokotala, a zamankhwala ndi a uinjiniya, kenako muyerekeze ndi kuchuluka kwa ana a sekondale amene ali m'ma CDSS m'dziko muno.

Ngakhale kudzaza fomu kumene kuli ndi zokhoma zake. Zambiri tsopano zili pa intaneti. Ife timabwereka foni, kugula bandulo, kukwera pachulu kusaka netiweki. Palibe wotilangiza kuti maphunziro akutiakuti amalimbiranidwa kwambiri, usaike onse otero. Mwana wa m'tauni amafunsa achimwene ake amene anadutsamo kale. Ife timalemba mongoganizira, ndipo kulakwitsa kumodzi kumadya chaka chathunthu.

Panopa ena a ife akubwereza Fomu 4 pa sukulu za masana, makolo atagulitsa mbuzi. Ena akupalasa kabaza. Atsikana angapo akwatiwa, osati mofuna. Mayunivesite omwe si a boma alipo, koma fizi yake mlimi wa chimanga ndi mtedza sangaikwanitse.

Choncho akuluakulu, tikupempha izi. Lengezani poyera magiredi amene munthu womaliza kusankhidwa pa maphunziro aliwonse anali nawo, ndipo chikalatacho chifike pa sukulu iliyonse ana asanasankhe maphunziro a Fomu 3. Amene sanasankhidwe aziuzidwa chifukwa chake, asamangosiyidwa m'malere. Posankha, giredi ya mwana iziyang'anidwa pamodzi ndi sukulu imene wachokera, ndipo pa maphunziro a sayansi pakhale malo oikidwiratu a ophunzira a ku CDSS amene aposa anzawo, ngakhale zitafunika kuti ayambe ndi chaka chokonzekera. Koposa zonse, tumizani aphunzitsi a sayansi ndi zipangizo za labotale kumasukulu athu. Azing'ono athu ali mu Fomu 2 chaka chino, ndipo chaka chamawa asankha maphunziro. Muwauze zoona nthawi ikadalipo.