Lenti ya Amayi

Adzukulu anga, Lenti imayamba Lachitatu la Phulusa ndipo imatenga masiku 40. Kuno kwathu imagwa m'miyezi ya njala, m'nkhokwe mulibe kanthu. Amayi anga sankadikira belu la tchalitchi kuti asale kudya. Ankatigawira nsima yonse, iwo n'kumati adya kale. Ndinadzazindikira ndili kukoleji ya aphunzitsi kuti ankagona ndi njala.

Pa Gologota ophunzira ambiri anali atathawa, koma Mariya anaima pafupi ndi mtanda. Tanthauzo la Pasaka n'lakuti tili ndi moyo chifukwa wina anadzipereka. Paja mako ndi mako angachepe mwendo. Choncho kusala kwanu n'kwachabe ngati chimene mwadzimana sichifika m'mbale ya amayi anu.